Masana amodzi ku Edinburgh: kulowa m'linga kapena kuyenda pa Royal Mile?

Mayi wina wa ku Katoto mumzinda wa Mzuzu, yemwe ndi mkulu wa mpingo wa CCAP, wandilembera pa imelo kuti mu Novembala akupita ku msonkhano ku Scotland, ndipo adzakhala ndi masana amodzi okha opuma mumzinda wa Edinburgh. Akufuna kudziwa ngati n'koyenera kugula tikiti yolowera m'linga la Edinburgh Castle, kapena ngati kungoyenda pamwamba pa phiri la mzinda wakalewo n'kokwanira.

Amayi, malangizo anga ndi akuti muyende pansi ndipo tikitiyo muisiye, chifukwa zimene zimakhudza munthu wa Sinodi ya Livingstonia zili kunja kwa linga, ndipo zambiri zili pamalo osalipiritsa.

Muyambire pa siteshoni ya sitima ya Waverley, imene ili m'chigwa pakati pa mzinda wakale ndi watsopano. Pafupi pomwepo, m'munda wa Princes Street Gardens, muli chipilala cha David Livingstone cha mu 1876, patangopita zaka zitatu iye atamwalira. Mukachoka pamenepo mukwere msewu wotchedwa The Mound, ndipo kutsogolo kwanu mudzaona nyumba yakuda ya nsanja ziwiri, New College. Apa musafulumire. Sukulu ya zaubusayi inakhazikitsidwa ndi Free Church of Scotland, mpingo umene unapatuka mu 1843 pokana kuti eni malo ndi makhothi a boma azisankhira mipingo abusa, ndipo ndi mpingo womwewo umene mu 1875 unatumiza gulu la amishoni, kuphatikizapo Dr Robert Laws, kudzayambitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Ine ndimaona kuti munthu amene anaphunzira pa Ekwendeni kapena pa Embangweni sayenera kudutsa pakhomo limeneli ngati mlendo wamba, pakuti msonkhano waukulu wa mpingo umene unayambitsa sukulu ndi zipatala za kwathu kuno unkachitikira paphiri lomwelo.

Kuchokera apo, kanjira kotsetsereka ka Ramsay Lane kadzakufikitsani pa Esplanade, bwalo lalikulu la kutsogolo kwa linga, limene linakonzedwa mu 1753 kuti asilikali azichitirapo perete. Thanthwe limene linga lakhalapo ndi chotsalira cha phiri lophulika la kalekale, lotalika mamita pafupifupi 130 kuchokera pa nyanja. Mukaima kumpoto kwa bwaloli mudzaona misewu yowongoka ya mzinda watsopano ndi madzi a Firth of Forth, pamene kumwera kuli mapiri a Pentland. Mwachita mwayi kupita mu Novembala, chifukwa m'miyezi yoyandikana ndi Ogasiti bwaloli limadzazidwa ndi mipando ya chionetsero cha asilikali cha Military Tattoo, ndipo malo oonerapo patali amatsekeka. Ngati mungafikepo isanakwane 1 koloko masana mudzamva mzinga umene wakhala ukuombedwa kuyambira 1861 pothandiza oyendetsa zombo kukonza mawotchi awo, koma Lamulungu suombedwa.

Kenako mutsike Royal Mile, msewu wa makilomita pafupifupi awiri umene umathera pa nyumba yachifumu ya Holyroodhouse ndi Nyumba ya Malamulo ya Scotland. Chigawo chakumtunda n'chodzaza ndi masitolo a alendo, ndipo sindikuonapo chifukwa chotayirapo nthawi kapena ndalama. Koyenera kulowa ndi m'tchalitchi cha St Giles', kumene John Knox, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Scotland, anayamba kutumikira mu 1559, ndipo kayendetsedwe ka mpingo kudzera mwa akulu a mpingo, udindo umene inu muli nawo, kanazika mizu m'nthawi yakeyo. Musuzumirenso m'tinjira topapatiza ta m'mbali mwa msewu, kuti muone mmene anthu ankakhalira mothinana m'nyumba zosanjikizana pamene mzinda unali wotsekeredwa ndi makoma.

Sindikunyoza linga ayi. Muli kachalitchi ka St Margaret, nyumba yakale kwambiri mu Edinburgh yense, ndiponso chisoti chachifumu cha Scotland. Koma kuti muone zimenezi bwino pamafunika maola awiri kapena atatu, pamene mu Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho mukalowa m'linga mudzatsika Royal Mile kutada.

Za zovala, musadalire kuti munazolowera chisanu ndi mvula yowaza ya ku Mzuzu ya mu Juni, chifukwa mphepo ya pa Esplanade imaposa pamenepo ndipo imatembenuza ambulera. Mutenge jekete losalowa madzi, chipewa chofunda, ndi nsapato zafulati zogwira pansi, popeza miyala ya m'misewu imeneyi imaterera ikanyowa.