Ng'ombe yaswa kamwana kamphongo, ndiyambire pati?

Bambo wina wa ku Mchinji wandilembera imelo. Akuti ng'ombe yake ya Zebu yaswa koyamba, ndipo akufuna kamwanako kadzakule konenepa, kogulitsika bwino, komanso kofatsa koti n'kukakoka ndi chingwe popanda ndewu. Nanga achite chiyani?

Bambo, zachingwe zidikire kaye. Chofunika lero ndi mkaka woyamba wachikasu uja. Mwana wa ng'ombe amabadwa wopanda chitetezo m'thupi, ndipo amachipeza mumkaka umenewu. Ayamwe pasanathe maola 6, chifukwa akatha maola 24 matumbo ake salandiranso chitetezocho ngakhale atamwa wochuluka bwanji. Ng'ombe yoswa koyamba nthawi zina imaponda mwana akafika pabere. Ikatero imangeni mutu pamtengo, mukame pang'ono, mupake mkaka pachala, mulowetse chalacho m'kamwa mwa mwanayo kenako mumutsogolere kubere. Mchombo muuviike mu ayodini, ndipo pogona pakhale pouma, osati m'matope a m'khola la zikuluzikulu.

Chomwe chimalowetsa pansi ana a ng'ombe ambiri m'midzi mwathu ndi kukama. Zebu ilibe mkaka wambiri. Mukayamba kutungira wa tiyi wam'mawa ndi wina wogulitsa, mwanayo amapinimbira, ubweya n'kuimirira, ndipo madeya amtsogolo sabweza zimene zatayika. Poti mukufuna nyama, musiyireni bere lonse mpaka miyezi 6 kapena 8. Akakwana masabata awiri muziika pafupi madzi oyera, msipu wanthete ndi kadzanja ka madeya.

Muziyang'ana m'makutu. Nkhupakupa zofiirira zobisala mmenemo n'zimene zimabweretsa matenda oopsa a ng'ombe otchedwa East Coast fever. Mukaona zotupa m'munsi mwa khutu, thupi likutentha, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Iwowo mukambirane nawonso zomuthena adakali wamng'ono.

Tsono kuphunzitsa. Tsiku lililonse muzimukanda pakhosi ndi pamsana, mukulankhula naye. Pamphumi ayi, ndipo ana apakhomo muwaletse masewera okankhana naye mutu. N'zoseketsa lero, koma akadzalemera makilogalamu 300 adzagunda munthu. Chingwe chimangidwe ngati chapamphuno ndi kuseri kwa makutu, osati chokoleka pakhosi. Kokani pang'ono, akaponda phazi limodzi kutsogolo lekani kukoka pomwepo, kuti adziwe kuti kutsatira n'kumene kumachotsa ululu. Mphindi zochepa zakwana, ndipo muzichitira pamene mayi wake akumuona, apo ayi mudzalimbana ndi awiri.