Nthanda ndi Ndodo Yachitsulo: Kuyankha Adzukulu Awiri

Adzukulu anga, mafunso awiri andipeza pa nkhani imodzi, ndiye ndiwayankhira pamodzi. Woyamba akuti: "Agogo, pa Yesaya 14 nthanda ndi uja anagwa kuchokera kumwamba, koma pa Chivumbulutso 22 Yesu akudzitcha yekha nthanda. Kodi Baibulo likudzitsutsa?" Wachiwiri wangosankhidwa kumene kutsogolera achinyamata mumpingo mwawo. Wawerenga Chivumbulutso 2:26-28, pomwe wopambana akulonjezedwa ulamuliro pa mitundu ya anthu, ndodo yachitsulo ndiponso nthanda, ndiye akufunsa ngati mawuwa sakumuloleza kuwongola anzake ndi dzanja lolemera, poti ena samumvera.

Tiyambe taiona nyenyeziyo, chifukwa ambiri a inu mumaidziwa m'buku mokha. Dzukani kusanache, tambala atalira, muyang'ane kum'mawa. Nyenyezi zina zikamazirala, imodzi imatsala ili mbee, yowala kuposa chilichonse cha kuthambo kupatula dzuwa ndi mwezi. Imeneyo ndi pulaneti ija amaitcha Venus. Ilibe kuwala kwakekwake, imangobweza kwa dzuwa, ndipo sitalikirana nalo. Imaoneka m'mawa kwa miyezi pafupifupi 9, kenako imabisika, n'kudzatulukira kumadzulo ngati nyenyezi ya madzulo. Ulendo wonsewo umatenga masiku 584. Mlonda amene wachezera usiku wonse akaiona amadziwa kuti kwatsala pang'ono, ngakhale mdima udakalipo.

Anthu akale a kumaiko a Baibulo ankaigwirizanitsa ndi ufumu. Ku Babulo inali nyenyezi ya mulungu wawo wamkazi Ishtar. Ku Roma, Julius Caesar ankati banja lake ndi la mbumba ya mulungu wawo wamkazi Venus, mpaka anamumangira kachisi m'chaka cha 46 Khristu asanabadwe. M'Malemba, nyenyezi ndi ufumu zimakumana pa Numeri 24:17. Balaki mfumu ya Moabu analemba ganyu Balamu kuti atemberere Israeli, koma m'kamwa mwa Balamu munatuluka zina: nyenyezi idzatuluka mwa Yakobo, ndodo yachifumu idzauka mwa Israeli. Ayuda anawasunga mawu amenewa ngati lonjezo la Mesiya. M'chaka cha 132, Simoni wina atautsa nkhondo yolimbana ndi Aroma, mphunzitsi wamkulu Akiva anamuona ngati nyenyezi ija, ndipo anadziwika ndi dzina lakuti Bar Kokhba, mwana wa nyenyezi. Pofika 135 asilikali a Hadrian, mfumu ya Aroma, anali atamugonjetsa, ndipo dziko la Yudeya linasanduka bwinja.

Tsono iwe wa funso loyamba, tsegula Yesaya 14, koma uyambire pa ndime 4. Mneneri wanena poyera kuti iyi ndi nyimbo yonyogodola mfumu ya ku Babulo. Chithunzi chake ndi choopsa. Mfumu ija yafa, ikutsikira ku dziko la akufa, ndipo mafumu amene anatsogola akunyamuka pa mipando yawo kuilonjera: "Kani nawenso wafooka ngati ife?" Azeze ake aleka kulira. Pogona pake ndi mphutsi, chofunda chake ndi nyongolotsi. Pamenepo ndiye pakubwera mawu aja akuti wagwa kuchokera kumwamba, iwe nthanda, mwana wa mbandakucha. Pa ndime 13 ndi 14 tikumva zimene inkanena mumtima: ndidzakwera kumwamba, ndidzakweza mpando wanga pamwamba pa nyenyezi za Mulungu, ndidzafanana ndi Wam'mwambamwamba. Ambiri amalekera pomwepa n'kunena kuti tchimo lake linali kunyada basi. Pitirira mpaka ndime 17 ndi 20 uone chimene kunyadako kunachita kwa anthu. Inasandutsa dziko chipululu, inagwetsa mizinda, akaidi ake sinawalole kubwerera kwawo, ndipo inapha anthu ake omwe. Babulo uja anagwa m'manja mwa Koresi, mfumu ya Perisiya, m'chaka cha 539 Khristu asanabadwe.

Nanga Satana akulowa bwanji? Aphunzitsi a mpingo woyamba, monga Tertullian ndi Origen, anawerenga ndimezi pamodzi ndi Luka 10:18, pomwe Yesu akuti anaona Satana akugwa kuchokera kumwamba ngati mphezi, ndipo anaona kuti kumbuyo kwa mfumu yodzikuzayo kuli mwini wake wa kudzikuza konse. Sindikuwatsutsa, mzimu wake ndi womwewo. Dzina lakuti Lusifala linachokera m'Baibulo la Chilatini, lija Jerome analikonza cha m'ma 400, ndipo kumeneko linali dzina chabe la nthanda. Mawu omwewo ali pa 2 Petro 1:19 ponena za kuwala kwa Khristu kotuluka m'mitima ya okhulupirira.

Choncho Baibulo silikudzitsutsa, mdzukulu wanga. Nthanda ndi dzina la ufumu. Mfumu ya ku Babulo inalilanda, ndipo mneneri akuitchula nalo moinyoza. Yesu ndiye mwini wake. Pa Chivumbulutso 22:16 akuti Iye ndi muzu ndi mbadwa ya Davide, nyenyezi yowala ya nthanda, kutanthauza kuti lonjezo lija la m'kamwa mwa Balamu lafika pa mwini. Ndipo taona njira imene anafikira pampandopo. Pa mutu 5, Yohane akuuzidwa kuti Mkango wa fuko la Yuda wapambana. Akucheuka kuti auone, akupeza Mwanawankhosa wooneka ngati wophedwa. Paulo pa Afilipi 2 akuti anadzikhuthula, natenga maonekedwe a kapolo, namvera mpaka imfa ya pamtanda, ndipo chifukwa cha ichi Mulungu anamukweza. Ine mtima wanga umagunda ndikawerenga mitu iwiriyi motsatizana ndi Yesaya 14, chifukwa mpando umene wa ku Babulo ankauthamangira mokwera, Yesu anaupatsidwa atatsika.

Tsopano iwe mtsogoleri wanga. Ndakondwa kuti anzako anakukhulupirira, ndipo ndikudziwa kuti kusamveredwa kumawawa. Koma ndimeyi waigwira kolakwika, ndipo ndikuuza mosabisa.

Funsa kaye kuti anauzidwa mawuwa ndi ayani. Analembedwera mpingo wa ku Tiyatira, mzinda wa amisiri: onika nsalu, osula mkuwa, oumba mbiya, ofufuta zikopa. Lidiya wogulitsa nsalu zofiirira uja wa pa Machitidwe 16 anali wa kumeneko. Amisiri ankakhala m'magulu, ndipo maphwando a maguluwo ankayendera limodzi ndi nsembe za milungu. Taganiza mkhristu wonika nsalu, manja ali bii ndi utoto, anzake amuitana kuphwando. Akapita, adya zoperekedwa kwa mafano. Akakana, mawa ogula amulambalala, ana ake agona ndi njala. Ndipo mumpingo momwemo munali mayi wodzitcha mneneri, amene Yesu akumutcha Yezebeli, wophunzitsa kuti palibe vuto, pitani. Lonjezo la ulamuliro linapita kwa munthu wopanda mphamvu ngati ameneyu, amene anakana phwando n'kutaya malonda.

Werenganso mawu ake. Lonjezolo ndi la iye wosunga ntchito za Khristu kufikira chimaliziro, ndiye kuti nthawi yake sinakwane. Ntchitozo zatchulidwa pa ndime 19: chikondi, chikhulupiriro, utumiki ndi chipiriro. Ndodo yachitsulo yachokera pa Salimo 2:9, ndipo ndi ya Mwana wa Mulungu pa mitundu yomuukira. Anzako a mumpingo sali m'gulu limenelo, ndi abale ako. Ndipo za nthanda akuti "ndidzampatsa". Popeza nthanda ndi Yesu mwini, chimene akulonjeza ndi kudzipereka yekha kwa wopirirayo, kuti akhale naye mu ufumu wake.

Za lero lino, Ambuye ananena kale pa Marko 10:42-45, tsiku limene Yakobo ndi Yohane anapempha mipando ya kumanja ndi kumanzere. Anati olamulira a mitundu amapondereza anthu awo, koma pakati pa inu zisatero. Petro, amene analipo tsikulo, analembera akulu a mpingo kuti asachite ufumu pa nkhosa zimene anapatsidwa, koma akhale zitsanzo. Ngati anauza akulu zimenezi, nanga iwe?

Pali chinanso chimene ndikuchenjezeni nonse awiri. Mudzakumana ndi anthu okuuzani kuti munabadwa ndi nyenyezi ya utsogoleri, kapena kuti tsogolo lanu lalembedwa kuthambo. Deuteronomo 4:19 amaletsa kukopeka ndi dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Nyenyezi imene Danieli 12:3 amalonjeza ndi ya iwo otembenuzira ambiri ku chilungamo.

Nanga osamverawo uwatani? Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye usadabwe. Yamba wadzifunsa ngati chimene akukana ndi mawu a Mulungu kapena ndi kalankhulidwe kako, chifukwa nthawi zambiri anthu amakana mawu okalipa pomwe nkhani yake akugwirizana nayo. Ngati wina walakwadi, tsata Mateyu 18:15: pita kwa iye muli awiri, osamuyalutsa pagulu kapena pa foni pomwe onse akuwerenga. Umumvere kaye mbali yake mpaka amalize. Akakana, tenga mmodzi kapena awiri okhwima maganizo mukambirane. Zikakanika ndithu, nkhaniyo uipereke kwa akulu a mpingo, ndipo chimene agamule uchilandire ngakhale chitakhala chokudzudzula iweyo.