Mafunso ndi Mayankho: Anthu Ovuta m'Nkhani Zakale za ku Iceland

Funso: Akonzi, ndamva kuti nkhani zakale za ku Iceland zotchedwa saga zadzaza ndi anthu a mtima wapachala ndiponso opirikitsidwa pamudzi. Kodi olemba ake ankawatama kapena ankawadzudzula? Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Olembawo, a m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, saweruza poyera. Munthu akamalowa m'nkhani amangomupatsa liwu limodzi kapena awiri, zotsalazo zimaoneka m'zochita zake. Mwachitsanzo, liwu la chinenero chawo lakuti ódæll limatanthauza munthu wovuta kukhala naye. Liwu lolemera koposa ndi ójafnaðarmaðr, wopondereza anzake amene akapha kapena kulanda sapereka chipepeso. Hrafnkell, mtsogoleri wa dera m'saga ina, anali wotere. Atapha mbusa wake Einarr chifukwa chokwera hatchi yake yoletsedwa kukwera yotchedwa Freyfaxi, anadzipereka kusamala bambo a mnyamatayo, koma anakanitsitsa zoti mlandu ukambidwe ngati kuti iye ndi mkuluyo ndi ofanana.

Chipepeso chinali nkhani yaikulu chifukwa mpaka 1262 dzikolo linalibe mfumu, ndipo apolisi kunalibe. Bwalo la Alþingi, lomwe linayamba cha mu 930, linkagamula milandu, koma wopambana ankakakwaniritsa yekha chigamulocho ndi abale ake. Wokana kulipira ankasiyira mabanja awiri njira imodzi yokha, yobwezerana magazi.

Malamulo akale a dzikolo, otchedwa Grágás, anali ndi zilango ziwiri zochotsa munthu pagulu. Chocheperako chinali kukhala kunja kwa dziko zaka 3. Gunnar wa m'Njáls saga anakana kuchoka, ndipo anamuphera kunyumba kwake. Chachikulu, skóggangr, chinali cha moyo wonse: katundu kulandidwa, osamudyetsa, osamuwolotsa panyanja, ndipo womupha analibe mlandu.

Nkhani ya Grettir ndiyo imaonetsa bwino kuti olembawa ankamvetsa munthu wotayidwa. Ali mwana anali waulesi ndi wamwano. Koma chimene anamuweruzira chilango cha skóggangr ndi moto umene unapsereza anthu ku Norway mwangozi, iye kubwalo kulibe. Izi zisanachitike anali atalimbana ndi mzukwa wotchedwa Glámr, womwe unamutemberera, moti anayamba kuopa mdima. Taonani kuwawa kwake: mwamuna wamphamvu kuposa onse sangathe kugona yekha, pomwe lamulo likuletsa aliyense kumusunga. Anapirira zaka 19, ndipo adani ake anamupha akudwala bala la pamwendo pachilumba cha Drangey, mng'ono wake Illugi akumuteteza.