Kodi seva ya nyimbo imakometsadi mawu?

Bambo wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Ali ndi ampu, masipika awiri ndi DAC (kachipangizo kosandutsa nyimbo za pa kompyuta kukhala mawu opita mu ampu), ndipo nyimbo amaziimba pa laputopu kudzera pa chingwe cha USB. Mnzawo wawauza kuti akagula seva ya nyimbo, monga za Aurender kapena Innuos, makutu awo atseguka. Ndiye akufunsa: n'zoona, kapena ndalama zingolowa m'madzi?

Achimwene, ngati laputopu yanu ili bwinobwino, musayembekezere kuti mawu asintha.

Seva ndi kompyuta basi, kungoti anaipatsa ntchito imodzi: kusunga nyimbo ndi kuzitumiza ku DAC. Zomwe imatumizazo ndi manambala. Nyimbo ya pa CD imakhala ndi manambala 44,100 pa sekondi kumbali ya sipika iliyonse, ndipo DAC ndiyo imawasandutsa mawu. Manambalawo akafika ali omwewo, DAC ilibe nazo ntchito kuti achokera m'bokosi lonyezimira kapena m'laputopu yothothoka mabatani. Ogulitsa akuuzani za jitter, kutanthauza kuti manambala sakufika pa nthawi yake yeniyeni. Vutoli linalipodi pa zida zakale. Koma ma DAC ambiri a USB a masiku ano amayamba asunga kaye manambalawo, kenako n'kumawatulutsa potsatira wotchi yawoyawo, osati ya kompyuta.

Pomwe mnzanuyo angakhale ndi mfundo ndi pa phokoso. Yanga laputopu ndikangoilumikiza ku chaja, masipika ankayamba kung'ung'udza chapansipansi, mmmm, ngati njuchi zili m'denga. Ndikazula chaja, zii. Phokosolo linkachokera ku magetsi, n'kudutsa pa chingwe cha USB mpaka mu ampu. Yesani nanu usiku uno: imitsani nyimbo, kwezani voliyumu, ikani khutu pafupi ndi sipika, kenako zulani chaja. Ngati palibe chasintha, seva ilibe choti ikonze pamenepo. Chinanso, Windows imasakaniza mawu onse pamodzi, nthawi zina n'kusintha manambala 44,100 aja pa sekondi kukhala 48,000, ndipo kabelu ka uthenga kamalira m'kati mwa nyimbo. Pulogalamu yaulere ya foobar2000 imathetsa zimenezi mukaiuza kuti DAC ikhale yake yokha.

Simunandiuze komwe nyimbo zanu mumazitenga, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Ngati ndi zija anyamata obena nyimbo amatidzazira m'fulashi pamsika, zambiri ndi MP3 za 128 kbps. MP3 imataya mbali ina ya mawu kuti fayilo ichepe, ndipo chomwe chatayidwacho sichibwerera ngakhale seva ikhale yodula bwanji. Ma CD anu akopereni mu FLAC, yomwe imapanikiza fayilo osataya kanthu. Hard disk ya 1 TB imalowa ma CD opitirira 2,000 otere.

Kenako masipika. Nyumba zambiri ndimapeza ali m'kabati ya magalasi, ina pakona, inzake kuseri kwa sofa. Atulutseni, asiyane ndi khoma pang'ono, ayang'ane pomwe mumakhala. Pansi pakakhala pa simenti kapena matailosi, yalanipo kapeti. Mudzamva kusiyana tsiku lomwelo, osatulutsa ndi tambala yomwe.

Komatu seva sindikuinyoza, inenso ndili nayo. Ubwino wake ndi ufulu: laputopu ipite kuntchito, nyimbo zikulirabe kunyumba, ndipo mayi akunyumba amasankha zawo pa foni ali kukhitchini. Yangayo ndi kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi kokhala ndi pulogalamu yoimbira nyimbo ya Volumio, kabokosi kokwana m'dzanja, kopanda fani. Sikafika mawati 10, moti power bank yabwino imakayendetsa. Chenjezo lokha ndi la magetsi athuwa: akathima mwadzidzidzi, memory card yake imatha kusokonezeka. Zinandichitikirapo, ndinayambiranso kuika zonse. Choncho nyimbo muzisunge pa hard disk ziwiri, inayo izikhala m'dilowa, yosalumikiza ku magetsi.