Data ikamatha osadziwa kuti yapita kuti

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Bangula. Akuti kunyumba kwawo ali ndi rauta (kabokosi kogawa intaneti ya Wi-Fi m'nyumba), amagula bandulo ya mwezi, koma imatha masabata awiri asanakwane, ndipo kampani yomwe amagulako siwaonetsa mmene data yayendera. Akufunsa kuti angadziwe bwanji chomwe chikuidya.

Mayi, imelo yanuyi ndaiwerenga kawiri, chifukwa yanditosa pachilonda.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, mlongo wanga wa ku Makhanga anatitumizira mwana wake wamwamuna kuti adzakhale nafe kuno ku Nchalo. Amene amakudziwa ku Makhanga akudziwa zomwe zimachitika Ruo ndi Shire zikakwiyira limodzi. Mnyamatayo anafika ndi kachikwama kamodzi, yunifolomu ndi foni yosweka galasi. Anali wa Fomu 3, wofatsa, wosayankhula pokhapokha umufunse. Mwezi womwewo bandulo yathu ya 30 GB, yomwe inkatifikitsa kumapeto a mwezi, inatha m'masiku 9.

Sindinafufuze. Mumtima mwanga mlandu unali utatha kale: mlendo ndi amene wabwera ndi vutoli. Ndinamudzudzula pa chakudya chamadzulo, ana anga akumva. Iye anangoti, "Malume, ine sindionera makanema," nasiya nsima m'mbale. Usiku womwewo ndinasintha pasiwedi osamuuza. Kwa masabata atatu mwanayo ankayenda pa dzuwa la kuno kupita kwa mnzake kukatenga manotsi omwe aphunzitsi ankatumiza pa gulu la WhatsApp, ndipo sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi.

Bandulo yotsatira inathanso chimodzimodzi, iye asanaikhudze n'komwe.

Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kutsegula zipangizo zonse za m'nyumba, chimodzichimodzi. Laputopu yanga inali ikukoka zosintha za Windows payokha nthawi iliyonse ikapeza Wi-Fi. Foni ya mayi a kunyumba inali ikukweza ku Google Photos makanema onse a kwaya omwe anajambula, ndipo ambiri sitidziwa kuti kukweza kumadya data mofanana ndi kutsitsa. Chachitatu chinali thabuleti ya ana. Kukatentha timayala mphasa pakhonde, ana amagona akuonera YouTube, kanema wina akatha wina amayamba yekha mpaka batire kutha. Ndinamuyitana mwana wa mlongo wanga uja n'kumupepesa. Anati, "Palibe kanthu, malume," maso ali pansi. Mpaka lero ndikakumbukira mbale ija mtima umandiwawa.

Ndiye ndikamva kuti kampani ikugulitsa data popanda kuonetsa wogula mmene yathera, ine sindiitenga ngati nkhani yaing'ono. Zimenezi zimayambanitsa anthu m'nyumba. Pakasowa nambala, chala chimaloza amene alibe mawu: mwana wobwera, wantchito, mlamu.

Bambo anga ankalima thonje kufupi ndi Ngabu. Popita kogulitsa ankanyamula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, yosatsegula. Asanapachike thumba lawo ankayamba aika shugayo pa sikelo ya wogula. Muvi ukapanda kuima pa 1, ankasenza thonje lawo n'kupita kwina, ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Sanapite patali ndi sukulu, koma sankalola kugulitsa thukuta lawo pa sikelo yomwe sanaiyese. Ife lero tikulipira ndalama zambiri pa chinthu chosaoneka ndi maso, ndipo sikelo ili m'manja mwa wogulitsa yekha. Mita ya magetsi imakuonetsa mayunitsi otsala. Mita ya madzi umatha kuiwerenga wekha m'mawa uliwonse. Nanga data yalakwa chiyani? Ine ndikuti kampani iliyonse yogulitsa intaneti iyenera kuonetsa wogula, tsiku ndi tsiku, kuchuluka kwa zomwe wagwiritsa ntchito, ndipo yomwe sichita zimenezi ikulakwira anthu ake. Bungwe la MACRA ndi lomwe limayang'anira makampani amenewa ndipo limalandira madandaulo. Koma ukapitako ndi mawu okhaokha akuti "data ikungotha," uwauza chiyani akakufunsa kuti yatha ingati, liti? Pafunika sikelo yakoyako.

Pali china chomwe ndinaphunzira movutikira. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazimazima kwa miyezi yambiri. Rauta yomwe ndinali nayo nthawi imeneyo inkayambiranso kuwerenga pa ziro nthawi iliyonse ikazima. Si onse amatero, koma yesani yanu: onani nambala, izimitseni, muyatsenso, muonenso. Ndipo poti tikunena za m'nyumba, mafoni ambiri a Android amalola munthu kugawa Wi-Fi pongoonetsa QR code. Mwana wanu akhoza kulowetsa anzake a pamzere wonse wa nyumba za aphunzitsi osatchula pasiwedi ndi pakamwa, ndipo mukamufunsa adzalumbira moona mtima kuti sanauze munthu.

Tsono muchite chiyani, mayi?

Yambani ndi rauta, chifukwa zonse zimadutsira momwemo. Itembenuzeni, kunsi kwake kuli kapepala kolembedwa adiresi, dzina ndi pasiwedi yolowera. Adiresi ya marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, ena 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Lembani adiresiyo mu Chrome muli pa Wi-Fi yanuyo, mufufuze pomwe palembedwa Statistics kapena Data usage. Muwerenge zotsitsa ndi zokweza pamodzi. Pomwepo mupezanso mndandanda wa zipangizo zomwe zalumikizidwa. Chachilendo chikapezeka, sinthani pasiwedi. Pa Android, mu Settings muli pomwe amaonetsa data ya Wi-Fi pa app iliyonse. Pa Windows pitani pa Network & Internet, muona za masiku 30 apitawa, ndipo muyatse Metered connection kuti kompyuta isamangokoka zilizonse. Pa WhatsApp lowani Storage and data, muletse makanema kudzitsitsa okha. Pa YouTube zimitsani Autoplay, muchepetse Quality ya kanema ifike pa 360p kapena 480p, poti wa HD akhoza kudya 1 GB kapena kuposerapo pa ola limodzi.

Kenako gulani kope. Langa ndi la sukulu wamba, limakhala pansi pa rauta ndi bolopeni yomangirira chingwe. Madzulo aliwonse nthawi ya 8 koloko timalemba deti ndi nambala ya pa rauta, n'kuchotsera ya dzulo; magetsi akazima timalembanso pambali. Kumapeto a mwezi muphatikize, 1 GB muziyesa pafupifupi 1,000 MB. Kusiyana pang'ono ndi bandulo yomwe munagula kusakudetseni nkhawa. Kukakhala kwakukulu, jambulani masamba a kopelo mupite nawo kukampaniyo, ndipo akapanda kukuthandizani, ku MACRA.

Kwathu kuno ntchito yolemba m'kopemo ndinaipereka kwa mwana wa mlongo wanga uja, ndipo anaigwira mpaka tsiku lomwe anabwerera ku Makhanga. Masamba oyamba onse ndi dzanja lake.