Kabokosi kakuda pa PDF sikafufuta chilichonse

Mayi wina, mlembi wa bodi ya kopaletivi, wandilembera imelo. Akufuna kutumiza lipoti la zachuma kwa mamembala a bodi kuti aikepo ndemanga, koma malipiro a antchito asaoneke. Akuti waphimba manambalawo ndi timabokosi takuda, waikanso pasiwedi yoletsa kukopera. Funso lake: kodi zakwana?

Sizinakwane, Mayi, ndipo musatumize kaye. Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa amene amavulala ndi wantchito amene malipiro ake ayamba kuzungulira pa WhatsApp iye osadziwa.

PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993, imasunga mawu paokha, ndipo zimene mwajambula pamwamba, kaya kabokosi, mzere wachikasu kapena ndemanga, zimakhala paokhanso. Kabokosi kakuda kamangokhala pamwamba ngati nsalu yophimba mbale ya nsima: nsimayo ilipo ndithu. Munthu akasankha zonse ndi Ctrl+A, nkukopera, nkuika mu Notepad, manambala onse amatuluka. Mu Januwale 2019 maloya a Paul Manafort, amene anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump ku America, anapereka kukhoti chikalata chophimbidwa motere, atolankhani nkuwerenga zobisikazo pongokopera. Amenewo anali maloya odziwa ntchito yawo.

Pasiwedi nayonso anthu amaikhulupirira mopitirira. PDF ili ndi mapasiwedi awiri. Yotsegulira imabisadi zamkati, ndipo pa mapulogalamu amakono imagwiritsa ntchito njira yobisira mawu yotchedwa AES ya 256-bit, imene ndi yolimba ngati pasiwediyo ndi yaitali. Inayo, yoletsa kusindikiza ndi kukopera, ndi pempho chabe kwa pulogalamu yowerengera. Mapulogalamu ena amalimvera, ena salilabadira nkomwe. Ine sindiiwerengera ngati chitetezo, ndipo amene amauza anthu kuti fayilo yawo “yatsekedwa” ndi pasiwedi imeneyi akuwasocheretsa. Ngakhale ikanagwira, foni ili ndi kamera. Chimene maso aona, kamera ijambula.

Pena pobisalira zinsinsi ndi mu Word momwemo. Track Changes, chida cholondola zosintha, imasunga zimene munafufuta, ndemanga zakale zimatsalira, dzina la amene analemba limakhala mu Properties. Mukatumiza fayilo ya Word yeniyeniyo, mwatumiza mbiri yake yonse. Ndipo WhatsApp, ngakhale imabisa uthenga panjira kuyambira 2016, siletsa wolandira kutumiziranso wina.

Zoti muchite

Bwererani ku fayilo yoyambirira, pangani kope, fufutani mzere wa malipiro zenizeni. Pitani pa File, Info, Inspect Document, chotsani ndemanga ndi zosintha zonse. Kenako sungani ngati PDF yatsopano. Ngati muli ndi PDF yokhayo, gwiritsani ntchito chida chofufutiratu mawu chotchedwa Redact, chimene chili mu Acrobat Pro komanso mu LibreOffice yaulere kuyambira mtundu wa 6.3. Mukamaliza yesani kufufuza ndi Ctrl+F: lembani dzina limodzi kapena nambala imene munachotsa. Ikapezeka, ntchito sinathe.

Pa ndemanga, musatumize fayilo kwa aliyense payekha, mudzalandira makope asanu ndi awiri osagwirizana. Ikani pa Google Drive, siyani pa Restricted, kuti aone okhawo amene mwawasankha, osati “Anyone with the link”, lembani imelo ya membala aliyense, mumupatse udindo wa Commenter, wowerenga ndi kuika ndemanga basi. Mu zoikamo chotsani chilolezo chotsitsa, kusindikiza ndi kukopera. Msonkhano ukatha achotseni onse. Ngati ena alibe akaunti ya Google, apatseni PDF ya pasiwedi yotsegulira, ya zilembo zosachepera 12, ndipo pasiwediyo muwauze pafoni, osati mu imelo yomweyo. Kope la aliyense wolandira PDF imeneyi lilembedwe dzina lake mopingasa tsamba lililonse, kuti likatuluka kunja mudziwe kumene lachokera.