Yankho kwa azakhali pa za akachisi ogumuka a ku Ayutthaya

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pa gulu lija, pa zithunzi ndinatumiza zija. Mwafunsa ngati kumeneko ndi pabwinja pomwe anthu anathawapo, nanga boma likulekeranji kumanganso akachisiwo. Kulemba kundichedwetsa, bola ndingolankhula.

Ayi azakhali, anthu alipo, ambiri zedi. Malowa ndi Ayutthaya, kuno ku Thailand, makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Bangkok. Kale limenelo ndiye linali likulu la dziko lino, nthawi imene ankati Siam. Mfumu U Thong ndi imene inakhazikitsa mzindawu cha m'ma 1350, ndipo unakhala likulu zaka zoposa 400. Ndiye mu 1767 asilikali a ku Burma, kuja pano akuti Myanmar, atauzinga kwa nthawi yoposa chaka, anaulowa n'kuutentha, anthu ambiri n'kutengedwa kupita kwawoko. Mafumu sanabwererenso. Likulu linasamukira kumunsi kwa mtsinje, moti njerwa zina za m'mabwinjamo anazinyamula pamabwato kukamangira Bangkok.

Ziboliboli zopanda mitu zija munadabwa nazo ndi za Buddha, amene anayambitsa chipembedzo cha Chibuda. Zina zinaonongeka pa nkhondoyo, koma zina ndi mbava za m'mbuyo muno, zinkadula mitu n'kukagulitsa kwa anthu osonkhanitsa zinthu zakale. Zimenezo ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa mukaima pamzere wa ziboliboli zija, zonse zakhala bwinobwino, miyendo yopinda, manja pamiyendo, koma pakhosi pali pogamuka.

Mutu uja uli m'mizu ya mtengo uli pa kachisi wotchedwa Wat Mahathat. Mtengowo ndi wa mtundu wa kachere, mukudziwa mmene kachere amakulungira chilichonse chomwe wapeza. Mizu yazungulira masaya ndi chibwano, nkhope yokha ndiyo ikuoneka. Pamenepo simujambulitsa mutaima ayi. Alonda amakuuzani kuti mugwade kapena mukhale pansi, mutu wanu usapitirire mutu wa Buddha. Ndiye muone azakhali, malo otayidwa angakhale ndi mwambo wotere?

Za kumanganso, akusiya dala. Mu 1991 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndiye ntchito ya boma ndi kulimbitsa makoma kuti asagwe, osati kuwasandutsa atsopano. Ine ndimaona kuti anachita bwino. Mukanapaka laimu ndi kufolera bwinobwino, mwana wa lero akanadziwa bwanji zomwe zinachitikira makolo ake?

Komanso si onse anagumuka. Ku Wat Yai Chai Mongkhon ansembe a Chibuda amakhala komweko mpaka pano, ndipo ziboliboli amaziveka nsalu zachikasu. Ku Wat Phanan Choeng kuli Buddha wokhala pansi wotalika mamita 19, wa mu 1324, wakale kuposa mzinda weniweniwo. Anthu amadzaza, wina wanyamula maluwa, wina lubani, utsi uli tolotolo.

Tauni yake ndiye yasakanikirana ndi mabwinjawo. Pakati pake ndi chilumba, chazunguliridwa ndi mitsinje itatu, Chao Phraya, Pa Sak ndi Lopburi. Mukatsika sitima mumaoloka pa kabwato, kenako mubwereke njinga kapena mukwere tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu. Apa khoma la njerwa zakalekale, kuoloka msewu sukulu, ana ali mu yunifolomu, kutsogoloko msika. Kuli Asilamu ambirinso, ndiwo amatchuka ndi roti sai mai, shuga wokokedwa mpaka kukhala tiulusi tofewa, amakulunga m'kachapati kopyapyala. Kunja kwa tauni kuli mafakitale akuluakulu a magalimoto ndi zamagetsi, moti ambiri amadya za kumeneko, osati za alendo okha.

Vuto lawo lalikulu ndi madzi. Mu 2011 mitsinje ija inasefukira, madzi analowa m'nyumba, m'mafakitale ndi m'makachisi momwe, n'kukhala milungu yambiri osaphwa. Njerwa zakale zikanyowa choncho zimafumbutuka, ndiye nyengo ya mvula ikafika kachisi wa m'mbali mwa mtsinje uja, Wat Chaiwatthanaram, amamutchingira ndi zotchinga madzi.

Ndi zimenezo azakhali. Zithunzi za kumsika ndituma madzulo. Mundiperekere moni kwa agogo ndi ana onse.